NJINGA YAMOTO YOKHALITSA SIDZUKA NDI KUKANKHA

Nyengo yogulitsa mbeu ikafika, ndalama zikalowa m'matumba a alimi, mabasi ocokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba amatula mu Lusaka anthu ambiri amene abwera ndi colinga cimodzi, cogula njinga yamoto. Yatsopano ya m'sitolo si onse angaikwanitse. Motero ambiri amalondola mbiri ya njinga imene yaima kuseri kwa nyumba ya wacibale ku Chelstone, kapena imene mwini wake ku Woodlands ndi ku Kabulonga anaiiwala m'galaja atagula motoka. Ogulitsa onse amanena mau amodzimodzi, akuti njingayo inali kuyenda bwino tsiku limene anaiimika. Kawirikawiri sakhala akunama. Koma tsikulo ndi la kale, ndipo makina okhala cabe amadwala matenda aoao, osiyana ndi a makina otopa ndi nchito.

Zimenezi zinamuonekera mlimi wina wa m'boma la Katete, amene azakhali ake a ku Chelstone anampatsa njinga ya malemu amuna ao. Inali Honda ya 250cc, ya mtundu wamatayala ataliatali woyenda m'miseu ya fumbi, imene malemuwo anaigula yogwirapo kale nchito kucokera ku South Africa. Inaima mu 2021 pamene mwini wake anayamba kudwala, ndipo dzinja linaipeza katatu ili pansi pa tenti kuseri kwa nyumba. Kwa mlimiyo sinali njinga yodzionetsera. Mudzi wake uli kutali ndi cipatala ndiponso ndi msika, ndipo ndalama ya soya ndi nshawa ya caka cimeneco ndiyo yokha imene anali nayo yoikonzera. Ikanathera pa zitsulo zosafunika, njinga ikanatsala ku Chelstone, iye nabwerera kwao manja ali m'thumba.

Munthuyu sanali mlendo pa njinga zamoto. Anazolowera za Bajaj ndi TVS zimene zadzaza m'miseu ya kum'mawa, ndipo anacita monga momwe akanacitira ndi izo. Anathira petulo watsopano pamwamba pa wakale. Anakwera minibasi kupita m'tauni, nagula pulagi yatsopano ca ku Freedom Way. Anafunafuna kiki, napeza kuti njingayo ilibe. Pomwepo anaitana anyamata a m'komboni kuti aikankhe, ndipo anaikankha kukwera ndi kutsika mseu mpaka thukuta linawathera, injini osatsokomola ngakhale kamodzi. Mnansi wina anadzipereka kuti ailumikize ku batire ya basi yake. Apa azakhali aja anakana, nauza mwana wa mlongo waoyo kuti aikweze pa kavani apite nayo ku Kabwata, kwa mmisiri amene malemu ankamukhulupirira. Kukana kumeneko kunapulumutsa njinga, monga zidzaonekera patsogolo.

KABULETA NDI FUEL INJECTION

Njinga zambiri za kumidzi zili ndi kabuleta. M'menemo petulo amatsika yekha kucokera m'thanki kulowa m'kambale, ndipo mphepo imene injini ikukoka ndiyo imamunyamula kudzera pa kabowo. Palibe magetsi ofunika kuti petulo ayende. Cifukwa cake njinga yotere imalira ndi kiki kapena ndi kukankha ngakhale batire itafa, ndipo mmisiri wa pansi pa mtengo angathe kuimasula ndi sipanala ziwiri, kutsuka, ndi kuibwezera tsiku lomwelo.

Njinga ya ku Chelstone inali ya mtundu wina, umene amakanika amaucha fuel injection. M'kati mwa thanki muli pampu yamagetsi imene imakankha petulo ndi mphamvu ya pafupifupi 3 bar, yoposa ya mpweya wa m'tayala la motoka yaing'ono. Petuloyo amafika pa kacitsulo kochedwa injekita, kamene kamatseguka ndi magetsi kwa kanthawi kocepa kwambiri kuposa kuphethira kwa diso, nkupopera petulo ngati nkhungu. Wolamula kutseguka kumeneku ndi kakompyuta kokhala pansi pa mpando, kamene kamamva za injini kudzera m'masensa: lina limanena momwe woyendetsa wapotolera dzanja, lina kutentha kwa injini, lina kulemera kwa mphepo, lina malo pamene pisitoni yafika.

Luso limeneli si la dzulo. Kampani ya Kawasaki inagulitsa njinga yotere mu 1980, ndipo Honda inatsatira mu 1982, koma panthawiyo zinali njinga zazikulu za anthu olemera. Zinthu zinasintha pamene maiko anakhwimitsa malamulo a utsi. Ku India, kumene kumacokera njinga zambiri za mu Africa, lamulo la mu Epulo 2020 linacititsa kuti ngakhale njinga zazing'ono zambiri zogulitsidwa m'dzikomo zikhale za fuel injection. Ubwino wake ndi woonekeratu. Njinga yotere imamwa petulo mosamala, imalira msanga m'mawa wa mwezi wa Juni, ndipo imadzikonza yokha ikatsika kucokera ku Lusaka, amene ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yaikulu, kupita kucigwa ca Luangwa kumene mphepo ndi yolemerapo. Koma zonsezi zimaimira pa magetsi. Batire ikafa, pampu siizungulira, injekita siitseguka, ndipo anyamata angakankhe mpaka ku Chongwe popanda phindu.

MMISIRI AYAMBA NDI BATIRE

Malo a mmisiri wa ku Kabwata ndi khumbi la malata, osati patali ndi Burma Road ndi mudzi wa zosemasema uja umene nyumba zake zozungulira zinatsala pa komboni yakale ya anchito a nthawi ya atsamunda. Ndi bambo wacikulire, wosafulumira kulankhula. Sanakhudze sipanala. Anatenga mita yopimira magetsi, naika nsonga zake ziwiri pa batire, naonetsa mlimi uja nambala imene inatuluka. Batire yabwino yodzaza imaonetsa mavolti 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Ikaonetsa 12.0 ndiye kuti mphamvu yambiri yatha. Iyi inalephera kufika ngakhale pa 5.

Anafotokoza kuti batire imataya mphamvu yokha ngakhale palibe woigwiritsa nchito, ndipo ikakhala yopanda mphamvu miyezi yambiri, m'kati mwake mumamera zoyera zolimba ngati mcere zimene sizicokanso. Batire yotere ingaoneke ngati yadzaza ikacajidwa usiku wonse, koma sitata ikangoikoka imagwa pomwepo. Njira yoizindikirira ndiyo kuyang'ana mita pamene injini ikulizidwa: nambala ikatsika kupitirira pa 10, batireyo yatha nchito.

Atamva za mnansi wa basi uja anapukusa mutu. Mabasi ambiri apakati, monga Rosa ndi Coaster za dizilo, amayendera mavolti 24, kuwirikiza kawiri a njinga. Kulumikiza njinga kumeneko ndiko kuocha kompyuta m'kanthawi kamodzi. Cimodzimodzinso kusinthanitsa waya wofiira ndi wakuda. Ndipo kompyuta ndi cipangizo codula kwambiri, cosapezeka wamba m'masitolo a mu Cha Cha Cha Road. Ngati kuli kofunika kubwereka mphamvu ku motoka, ikhale ya mavolti 12, injini yake ili yozima.

KUMVETSERA PAMPU

Batire yatsopano itamangidwa, mmisiri sanalize injini. Anayamba watsanula oilo wakale nathira watsopano, nadonthezera oilo pang'ono pa bowo la pulagi, pakuti pisitoni imene yakhala youma zaka zitatu siyenera kuthamangitsidwa mwadzidzidzi. Atatero anauza aliyense kuti akhale cete, naika khutu pa thanki, napotola kiyi.

Pa njinga ya fuel injection yamoyo, kiyi ikapotoledwa pamamveka kulira kwa pansipansi ngati kwa njuci kwa masekondi awiri kapena atatu, kenaka zii. Imeneyo ndi pampu ikudzaza paipi. Mlimi aliyense wogula njinga yotere angathe kuyesa zimenezi yekha popanda cipangizo ciliconse, wogulitsa ali pomwepo. Pa njinga iyi nyali za pa wochi zinayaka, koma thanki inali duu.

Mmisiri wosadziwa nchito akafika apa amalamula kuti pagulidwe pampu. Uyu anatsata njira ya magetsi kucokera ku batire, cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, kuyambira pa zochipa. Anayang'ana swichi yofiira ya ku dzanja lamanja, imene anthu ambiri amaiiwala ili yotseka ndipo ana amakonda kuiseweretsa. Anasolola mafyuzi onse, nawapima ndi mita m'malo mongowayang'ana, cifukwa fyuzi ingaduke pobisika. Anagwira relay ya pampu ndi cala namva ikuti thee pamene kiyi yapotoledwa. Pomaliza anamasula pulagi ya mawaya opita ku pampu, napima pamenepo. Mavolti 12 anafika kwa masekondi awiri, nazimirira, monga momwe kompyuta iyenera kucitira. Apa mlandu unagamulidwa: magetsi akufika pakhomo, wosayankha ndi pampu mwini wake.

Za mafyuzi pali cizolowezi coipa cofala m'tauni ndi kumidzi komwe, comanga waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi yopsa. Fyuzi imapsa kuti mawaya asapse. Ikapsa kawiri motsatizana, pali waya wosupuka amene akukhudza citsulo penapake, ndipo woika waya wolimba pamenepo akukoleza moto pansi pa thanki ya petulo imene iye mwini waikhalira.

ZIMENE ZINALI M'THANKI

Thanki anaimasulira panja, kutali ndi mbaula ya amai ogulitsa cimanga cooca pafupi, ndipo wosuta fodya aliyense anauzidwa kuti apite kutsidya la mseu. Cimene cinatuluka m'menemo sicinali petulo. Cinali camtundu wa tiyi wopanda mkaka, conunkha ngati vanishi wakale wa akalipentala, ndipo pansi pa beseni panasonkhana madzi ndi dzimbiri.

Petulo sakhalitsa. Pakapita miyezi yowerengeka, mbali yake yopepuka, imene imagwira moto msanga, imauluka, ndipo yotsalayo imasanduka zomata ngati utomoni. Thanki yosadzaza imapumanso: masana a mwezi wa Okutobala mphepo ya m'kati imafufuma nkutuluka, usiku imalowa ina, ndipo m'dzinja yolowayo ili ndi cinyezi cimene cimasanduka madontho. Madzi ndi olemera kuposa petulo, motero amakakhala pansi penipeni, pamene pali pampu ndi sefa yake. Petulo watsopano amene mlimi anathira ku Chelstone anangovundula matope amenewa.

Thanki inatsukidwa pothiramo palafini ndi timanati todzaza dzanja, nkuikhuchumula kwa nthawi yaitali kuti dzimbiri ligwe, kenaka kuitsukuluza ndi kuiyanika padzuwa. Pampu inaviikidwa usiku wonse, ndipo m'mawa inazungulira. Mlimi anakondwera, koma mmisiri anamanga geji pa paipi namuonetsa kuti mphamvu yake siikufika ngakhale theka la yofunika. Pampu yofooka ndi yacinyengo kuposa yakufa, pakuti njinga imalira bwino ili ciimire, nkukazima pa citunda katundu ali kumbuyo. Panalibe kucitira mwina koma kugula ina. M'tauni munali zotsanzira zochipa, koma mmisiri analangiza kudikira yeniyeni yocokera ku Johannesburg, ndipo kudikirako kunatenga masabata awiri. Mlimi anabwerera ku Chelstone kukagona pa mphasa kwa azakhali ake, akuwerengera masiku a kusosa amene anali kumuthawa kumudzi.

NYALI YOPHETHIRA

Pampu yatsopano inalira ngati njuci. Sitata inazungulira mwamphamvu. Injini inakana. Mlimi anataya mtima, nafunsa ngati sikunali bwino kugulitsa njingayo kwa ogula zitsulo. Mmisiri anangomasula pulagi. Anaigunditsa ku injini napotola sitata, ndipo moto wobiriwira unadumpha bwinobwino. Koma nsonga ya pulagiyo inali youma, yopanda ndi fungo lomwe la petulo. Moto ulipo, petulo wafika mpaka pa injekita, koma sakulowa m'injini.

Apa anaonetsa mlimi kanthu kamene ambiri amakaona osakamvetsa. Pa wochi ya njinga zotere pali kanyali kolembedwa FI kapena kojambulidwa ngati injini. Kompyuta ikapeza colakwika imalankhula ndi kanyali kameneka. Pa njinga za Honda, kuphethira kwakutali kumaimira 10, kwakufupi kumaimira 1. Iyi inaphethira kamodzi motalika, kawiri mofupika, nkubwereza. Imeneyo ndi 12, ndipo m'buku la Honda nambalayo imaloza ku injekita ndi mawaya ake. Nambala 7 imaloza ku sensa ya kutentha kwa injini, 8 ku sensa ya dzanja lopotola, ndipo 54 ku sensa imene imazimitsa injini njinga ikagwa. Makampani ena ali ndi mawerengedwe aoao, motero nambala za Honda siziyenera kuwerengedwa pa Yamaha.

Cofunika kumvetsa ndi cakuti nyaliyo siinena kuti cipangizo cafa. Imangonena dera limene kuli vuto. Ndalama zambiri zataika mu Lusaka pogula injekita kapena sensa yatsopano pamene colakwa cinali waya. Mmisiri anapima injekita ndi mita napeza kuti nambala yake ili m'malire oyenera. Ndipo anayamba kulondola mawaya ake awiri ndi zala, kusenda tepi pang'onopang'ono, mpaka kuseri kwa bokosi la sefa ya mphepo. Pamenepo waya umodzi unali wodukiratu, nsonga zake zili ndi zipsera za mano. Atatsegula bokosilo anapeza cisa ca khoswe, comangidwa ndi nsanza ndi makoko a nshawa, sefa ya mphepo itadyedwa theka.

Waya anaulumikiza ndi mtovu wosungunula, osati kungopota ndi zala, pakuti mfundo yopota imamasuka pa mabampu ndipo imacita dzimbiri. Injini inalira pa kuyesa kwaciwiri, utsi wakuda nutuluka, anyamata a pa khumbi nakuwa. Koma inali kulira motsimphina, ndipo inazima dzanja litangopotoledwa. Injekita inamasulidwa. Mlimi aliyense wa thonje adziwa kusiyana kwa sipuleya imene ikupopera nkhungu yabwino ndi imene yatsekeka nkumangodontha. Injekita iyi inali kudontha. Timabowo take ndi tating'ono kotero kuti singano ingationonge kotheratu, motero anaitsuka ndi mankhwala ake, akuitsegula ndi kuitseka ndi magetsi, mpaka nkhungu inabwerera.

Kunatsala kalema kamodzi. Nthawi zina nyali zinali kuzilala zokha ndipo injini inali kudukiza. Matenda obwera ndi kupita oterewa kawirikawiri amakhala pa waya wakuda wocokera ku batire kupita ku citsulo ca njinga, umene magetsi onse amabwererapo. Bauti lake linali ndi ndere zobiriwira. Linapalidwa mpaka kuwala, napakidwa girisi pang'ono, pamodzi ndi mapulagi onse a mawaya. Pomaliza mita inaikidwanso pa batire injini ikulira, ndipo inaonetsa 14. Pakati pa 13.5 ndi 14.5 ndiye kuti njinga ikucaja bwino. Kucepera apo batire yatsopano idzafa m'masiku ocepa, ndipo kupitirira 15 idzawira.

Zotsala zinali za masiku onse: madzi a mabuleki, madzi oziziritsa injini, cheni imene inauma gwa, ndi matayala. Matayala anali ndi mapanga akuya, koma m'mbali munali ming'alu. Pa tayala lililonse pali manambala anai onena sabata ndi caka cimene linapangidwa, monga 2318 kutanthauza sabata ya 23 ya caka ca 2018. Mphira imakalamba ngakhale siinaponde pansi.

MAPEPALA NDI MOYO WA KUMUDZI

Njinga yolira si njinga yololedwa pa mseu. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la za pamseu la mu 2002, ndilo limasintha dzina la mwini m'buku la njinga, ndipo ngati mwini wake anamwalira pamafunikanso mapepala a woyang'anira cuma ca masiye. Msonkho wa pamseu ndi inshuwalansi zinali zitatha kale. Laisensi ya mlimi inali ya A1, ya njinga zosapitirira 125cc, pamene iyi imafuna ya A.

Funso limene mabanja a kumidzi ayenera kulilingalira asanapereke ndalama ndi lakuti kodi njinga yotere ingakhale m'mudzi. Ingakhale, ndipo ikasamalidwa siivutavuta monga ya kabuleta. Mdani wake wamkulu ndi petulo wa m'zigubu wogulitsidwa m'mbali mwa mseu, amene bungwe la Energy Regulation Board limaletsa, ndipo kawirikawiri amakhala ndi fumbi, madzi, kapena palafini wosakanizamo. Kabuleta ikamwa zoterezi imatsukidwa pa mtengo wa nkhuku imodzi, koma pampu ndi injekita zimafuna ulendo wa ku Chipata kapena ku Lusaka. Amene ali kutali kwambiri ndi malo ovomerezeka omwetsera mafuta, ndiponso kutali ndi mmisiri wokhala ndi mita, angacite bwino kukhala ndi ya kabuleta ngakhale ili yosaoneka bwino.

Kwa amene adzaimika njinga m'miyezi ya matope, mmisiri anapereka malangizo ocepa. Thanki idzazidwe mpaka pakamwa kuti mphepo isapeze malo. Waya wakuda ucotsedwe pa batire, ndipo batireyo icajidwe kamodzi pa mwezi, ngakhale ndi sola ya panyumba yokhala ndi kabokosi kake koletsa kupitiriza. Kuliza injini mphindi ziwiri pabwalo sikuthandiza, cifukwa sitata imadya mphamvu yoposa imene yabwezedwa, ndipo kuli bwino kuyenda nayo theka la ola kuti itenthe bwino. Pakamwa pa ekizozi ndi polowera mphepo patsekedwe, ndipo njinga isaimikidwe pafupi ndi nkhokwe.

Pa zonse zimene mlimi wa ku Katete analipira, zatsopano zinali batire, pampu, sefa ya mphepo, matayala awiri ndi oilo. Kompyuta, injekita ndi masensa onse anatsala omwe aja a malemu. Pulagi yogula ku Freedom Way inalowa m'thumba ngati yapadera, popeza yakale inalibe cilema. Popeza laisensi yake inali isanakwane, sanaiyendetse yekha ulendo wa makilomita pafupifupi 500 wa mu Great East Road. Njingayo inakwezedwa pa lole ya feteleza yopita kum'mawa, yomangidwa ndi zingwe zinai, ndipo lole inaima pang'ono pa Chelstone kuti azakhali aione. Iwo anapempha kuti ailize kamodzi ili pamwamba pomwepo, anaimvetsera, kenaka analowa m'nyumba kukatenga cisoti ca malemu amuna ao.